Ndinayenda Kumbuyo kwa Apongozi

Apongozi anga aamuna anabwera ku Nairobi chifukwa cha mapazi. Shuga anali atawadya kwa zaka zambiri, ndipo mkazi wanga, amene ndi mwana wawo wachisamba, anati abwere adzaonedwe kuno zinthu zisanafike poipa. Dokotala anawabaya kuphazi ndi kasingano, iwo n'kumangoyang'ana kudenga ngati akubaya wina. Anatiuza tonse atatu, ine ndili pomwepo, kuti munthu wotere akhoza kuponda msomali n'kuyenda nawo tsiku lonse osadziwa, ndipo kabala kakang'ono kakangolowa litsiro, mapeto ake ndi mpeni. Anati mapaziwo aziwaona munthu wina madzulo aliwonse, pakati pa zala pomwe. Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asandikhululukire poganiza kuti sindinkadziwa.

Mapazi amenewo ndiwo anali moyo wawo. Kwawo ku Zomba anagwira ntchito yogawa madzi pa sikimu ya mpunga kuyambira ali mnyamata. M'mamawa uliwonse ankayenda m'mphepete mwa ngalande yaikulu, kuyambira pamene imapatuka pa mtsinje mpaka kumunda womaliza, kutsegula mageti, kuvuula zinyalala, kukalipira alimi oba madzi. Atapuma pa ntchito alimiwo anawapempha kuti apitirize, poti panalibe wina woopedwa ngati iwo. Ku Nairobi ankangowerenga masiku. Ankati mpunga wa m'chilimwe ukawokedwa iwo kulibe, akumtunda amwetsa minda yawo mpaka kuola, akumunsi n'kumalira.

Inenso ndimagwira ntchito ya madzi, ndipo vuto linayambira pamenepo. Ndinaphunzira za ulimi wothirira mpaka kunja, ndipo bungwe lina la mayiko ambiri linandilemba kuti ndizikonza mapulani a ngalande za mayiko a kuno. Ndili ndi ofesi pamwamba pa nyumba yosanja, makompyuta awiri, ndi mpando wozungulira. Ndinkaganiza kuti mkuluyu akaona zimenezi anyadira, anene kuti mwana wake sanaponye mwala kuphompho. Ndinawatengera ku ofesiko tsiku lina. Anayang'ana mapu anga nthawi yaitali, manja ali kumbuyo, kenako anafunsa kumene kunali chimbudzi.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, Amalawi anzathu anabwera kunyumba kudzawalonjera. Pabalaza panadzaza. Mayi wina amene anali atangofika kumene mumzindamu anafunsa kuti ine ndimagwira ntchito yanji. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anayankha.

"Akamwini athuwa amajambula ngalande, mayi. Madzi ake ndi obiriwira, okongola kwabasi, mulibe ndi chule yemwe. Koma tawafunsani ngati anaitsatirapo ngalande ndi mapazi mpaka kumathero. Awa kuchoka pakhomo kupita pa geti amayamba aliza galimoto."

Anthu anafa nacho chikhakhali. Mkazi wanga naye anaseka, atagwira pakamwa. Inenso ndinaseka, poti mkamwini amaseka apongozi akaseka. Koma mawu akuti akamwiniwo! M'nyumba mwanga, m'dziko la eni, ine amene sindinakhalepo chikamwini pamudzi pawo ngakhale tsiku limodzi. Nthabwala imeneyi anaikonda. Ankaibwereza kwa mlonda wa pa geti, kwa wogulitsa nthochi, ngakhale kwa dokotala wawo. Ine ndine munthu wosunga zinthu kukhosi. Sindikalipa, sindimenya chitseko. Ndimangomwetulira n'kumadikira.

Ku ntchito kuli mayi wina wa ku Kenya konkuno amene amatsogolera kagulu ka anthu okonda kuyenda maulendo ataliatali a pansi. Mwezi umenewo anakonza zotsatira mtsinje wa Nairobi masiku awiri, kuyambira ku dambo la ku Kikuyu kumene umabadwira, kudzera m'ngalande zakale zimene azungu a minda anakumba kumtundako, kutsika mpaka ku Kawangware, mawa lake n'kubzola mumzinda mpaka ku Buruburu. Ine ndinali nditalembetsa kale, ndipo kwa milungu ingapo ndinkathamanga pa makina olimbitsira thupi masana aliwonse osauza munthu. Nkhaniyi ndinaiponya pa chakudya chamadzulo ngati yongodutsa.

"Akuti kuli ngalande zakale zamiyala, mageti ake akadalipo. Koma ndi ulendo wa achinyamata, bambo. Inu mudzatsale mupumule."

Anaika supuni pansi. Ndinadziwa kuti nsomba yameza nyambo.

Mkazi wanga anakana kwamtuwagalu. Koma mapeto a sabata imeneyo iye ankapita ku Kisumu kukagwira ntchito, ndipo bambo ake si munthu womuletsa chinthu uli kutali. Anagwirizana kuti ayende m'mawa wa tsiku loyamba lokha, akaone ngalandezo, pofika masana akwere minibasi, zimene kuno amati matatu, abwerere kunyumba. Ponyamuka anandigwira mkono pakhomo. "Inu, chonde, masana akwere. Ndipo madzulo muwaone mapazi. Musachite manyazi, ndi bambo anunso." Ndinalonjeza ndi nkhope yoyera.

Kwathu mwana satsogola wamkulu panjira, makamaka mkamwini. Umayenda kumbuyo, kusiya mpata wa mapazi angapo, wamkulu ndiye amene amadziwa liwiro. Zimenezi aliyense amazidziwa. Koma pali kanthu kena kamene sanena poyera, kamene umangokatola pokula. Munthu wamkulu sanganene kuti watopa pamaso pa mkamwini. Pakamwa pake sipangatuluke mawu amenewo. Ndiye wakumbuyo ndi amene amayang'ana. Ukaona mapewa ayamba kugwa, iwe ndi amene umatopa. Umati, "Bambo, ine miyendo yakana, tikhaleko pang'ono." Kapena umamasula dala chingwe cha nsapato, kapena umapempha kupatuka kuthengo. Wamkulu amakuseka kuti ana a masiku ano ndi ofooka, n'kukhala pansi ulemu wake uli wonse. Ine ndinachita zimenezi kwa amalume anga kosawerengeka ndili kusekondale. Ndinkaudziwa bwino mwambo umenewu.

Loweruka tinafika ku dambo kuja kukuzizira, nkhungu ili mbuu. Tinalipo anthu ngati makumi awiri, ambiri achinyamata a zikwama zakumsana ndi ndodo zogula m'sitolo. Apongozi anavala buluku la khaki, jekete ya suti, ndi nsapato zansalu zoyera zimene mwana wawo anawagulira. Pansi pa dambolo pamanjenjemera ukaponda, ndipo madzi amatuluka oyera mbee, oti ukhoza kumwa ndi manja. Sungakhulupirire kuti ndi omwe aja amanunkha m'tauni.

Titatsika pang'ono tinaipeza ngalande yakale, yoyalidwa miyala, theka litakwiririka ndi udzu. Geti lake lachitsulo linali litachita dzimbiri, koma chogudumuza chake chinalipobe. Mkulu uja anasanduka mwana. Anagwada, napalasa dothi ndi manja, nayamba kufotokoza m'Chingerezi chake cha kusukulu ya mishoni chifukwa chake anaikhotetsa pamenepo, kumene mchenga unkatsalira, ndi mmene munthu mmodzi ankatsukira yonseyo. Achinyamata aja anamuunjirira, mafoni ali m'mwamba, akumuitana m'Chiswahili kuti mzee, mzee. Kunena zoona anafotokoza bwino kuposa mmene ine ndikanachitira, ndipo kwa kamphindi ndinanyadira. Kenako mtsikana wina anafunsa kuti madzi ankayenda ochuluka bwanji. Apongozi anandiloza ndi chibwano.

"Mufunseni uyo, ali nawo mu kompyuta. Akayatsa magetsi amayenda."

Anaseka onse, ngakhale amene sankandidziwa. Kanyadiro kaja kanauma pomwepo.

Masana tinatulukira pa msewu pamene matatu ankaima, makondakitala akumenya zitseko. Apa ndi pamene tinagwirizana. Ndikanatha kunena kuti bondo likundipweteka, tikwere tonse. M'malo mwake ndinapinda manja mwaulemu, ndinaweramitsa mutu, n'kulankhula mokweza pang'ono kuti oyandikira amve kamvekedwe kake ngakhale Chichewa sankachidziwa.

"Bambo, apa ndi pamene mwana wanu anati mukwere. Akuti kuchokera pano simungathe."

Anandiyang'ana, nayang'ana minibasi, n'kudumpha msewu.

Kuyambira pamenepo ndinachepetsa mpata uja. M'malo mwa mapazi asanu ndinasiya awiri. Sindinawakhudze, sindinanene kanthu. Ndinangoonetsetsa kuti azimva nsapato zanga kumbuyo kwawo, gu, gu, gu, osaphonya. Munthu amene wakhala akutsogola moyo wake wonse akamva mapazi a mkamwini pa chidendene sangachepetse liwiro. Akawonjezera, ine ndinkawonjezeranso. Aliyense wotiona akanati taonani mwana waulemu, sakufuna kusiya bambo ake okha.

Mtsinje unayamba kusintha. Poyamba unachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga, kenako unada. Minda ya ndiwo zamasamba za sukuma inatha, panabwera nyumba zamalata zoyang'ana kumbuyo kumadzi, iliyonse ndi kapaipi kake. Mapepala apulasitiki anali lendelende m'mitengo kusonyeza pamene madzi osefukira anafika. Anyamata ankatsuka njinga zamoto, nkhumba zikufukula pambali pawo. Pofika ku Kawangware dzuwa linali litapendeka, fungo la makala, nyama yootcha ndi ngalande zonyansa litasakanikirana. Apongozi anali atavula jekete, malaya atamatirira kumsana. Sanadandaule. Anangoti anthu a kuno madzi anawalakwira chiyani.

Kunyumba ndinatenthetsa madzi, ndinathira m'beseni, n'kukaika pakhomo pa chipinda chawo. Ndinagogoda.

"Bambo, madzi a mapazi."

"Siyani pomwepo, akamwini."

Ndinasiya pomwepo. Ndinkadziwa kuti sangandiitane kuti ndidzagwade ndi kuwatsegula zala, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa manyazi omwewo. Mkazi wanga ataimba foni ndinati tayenda bwino, asamba, akupumula. Za matatu sanafunse, poti sanaganize kuti pangakhale chofunsa. Ndisanapite kukadya ndinadutsa kuseri kwa nyumba. Pa chingwe panali sokosi ziwiri zimene anachapa okha. Yakumanja inali ndi banga lofiirira cha ku chala chaching'ono, losachoka ndi sopo. Ndinaliyang'ana, ndinaligwira ndi chala, n'kupita kukadya.

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala kale pabalaza, nsapato kuphazi, chipewa pa bondo. Ndinati, "Lero ndiye mutsale, bambo, dzulo munayesetsa." Mawu akuti munayesetsawo ndinawasankha bwino. Anaimirira n'kutsogola kupita ku galimoto.

Tsiku lachiwiri linali lotentha, ndipo njira inali yoipa. Kuchoka ku Kawangware mtsinje umadutsa kumbuyo kwa mipanda ya anthu olemera, kumene kanjira kamapanikizika pakati pa khoma ndi phompho. Kenako umalowa m'tauni, mmene anaumangira makoma a simenti, n'kumayenda wakuda bii, thovu lili yandayanda. Belu la tchalitchi linkalira kwinakwake. Ine Lamulungu limenelo ndinajomba mapemphero kuti ndikachite zimenezi.

Woyenda kumbuyo amaona zonse. Ndinaona mwendo wamanja ukuyamba kukokedwa. Ndinaona akuponda ndi m'mphepete mwa phazi osadziwa kuti akutero. Cha m'ma teni ndinaona kadontho pa nsalu yoyera ya nsapato, kumbali kwa chala chaching'ono, kakang'ono ngati nyemba. Pofika pa msika waukulu wa zovala zakaunjika, pamene tinkadzipanikiza pakati pa mabelo ndi ngolo zokoka ndi manja, kanali katakula ngati dzira. Iwo sankamva. Ankangomva kulemera kwa thupi ndi kutentha. Pa anthu onse a mumzinda uno, amene ankadziwa zimene zinkachitika m'nsapato imeneyo ndinali ine ndekha.

Ndipo anayesa kundipatsa mpata. Ichi ndi chimene chimandiluma mpaka lero. Koyamba analankhula osacheuka.

"Apongozi, nsapato zanu zatsopanozo sizikukuwawani?"

Onani, sanati akamwini. Anati apongozi.

"Ayi bambo, zili bwinobwino."

Tinayenda. Patapita nthawi, pansi pa mlatho wina pamene panali kamthunzi ndi mayi wogulitsa tiyi ndi mandazi, anachepetsa liwiro.

"Inu simunadye bwino m'mawa. Njala siyinakupwetekeni?"

"Ndakhuta, bambo. Tiyeni."

Kachitatu sananene zambiri. Anaima, napukuta nkhope ndi chipewa, n'kunditembenukira koyamba tsiku limenelo. Maso anali ofiira, milomo itauma mbuu. "Dzuwa la kuno," anatero, "ngakhale kwa achinyamata." Anadikira. Ankangofuna mawu amodzi okha, ndatopa, ochokera pakamwa panga, kuti andiseke pang'ono n'kukhala pansi. Ine ndinamwetulira n'kunena kuti ndinalizolowera. Ndinkafuna anene okha. Ndinkafuna munthu wa ngalande zenizeni anene pamaso pa munthu wa ngalande zojambula kuti walephera. Ndipo ndisaname, nthawi imeneyo mumtima munkakoma.

Mayi wotsogolera uja si wopusa. Anabwerera kuchokera kutsogolo n'kudzandinong'oneza. "Mzee amechoka," anatero, kutanthauza kuti mkuluyu watopa. Anati tiwaitanire njinga yamoto akatidikire kumapeto. Akanakhala kuti amadziwa za kwathu, akanadzigwetsa yekha pansi n'kunena kuti gulu lonse lipume. Koma iye anabweretsa nkhaniyo kwa ine, poganiza kuti mwana ndiye amadziwa kulankhula ndi bambo ake. Ndinaitenga n'kukaitula pamaso pa anthu onse.

"Bambo, mayiwa akuti mwatopa. Akuti tikuitanireni njinga, ena apitirize."

"Watopa ndani?" anatero mokwiya. Anadutsa mayi uja, nadutsa achinyamata aja, n'kukakhala patsogolo pa gulu lonse. Ine pambuyo pawo.

Kumunsi, titayandikira ku Buruburu, panali pamene kamlatho ka matabwa kanakokoloka, anthu n'kuika matumba a mchenga owolokerapo. Matumbawo anali oterera ndi ndere. Achinyamata ankadumpha akuseka, atatseka mphuno. Apongozi anaponda loyamba, lachiwiri, pa lachitatu phazi lamanja linatsetsereka n'kumira m'madzi akuda aja mpaka mu akakolo. Ndinali pafupi moti ndikanangotambasula mkono. Ndinadziuza kuti mkamwini sagwira apongozi. Anadzikoka okha, nawoloka, nsapato ikulira fotcho fotcho. Banga lofiira lija silinaonekenso, nsapato yonse inali yakuda. Tinayendanso pafupifupi ola lathunthu phazi lili m'madzi amenewo.

Tinafika. Gulu linawaombera m'manja, ena anawakumbatira, anajambulitsa nawo zithunzi. Chithunzi chimodzi ndili nacho: iwo pakati, chipewa m'manja, akuyesa kumwetulira, ine kumbuyo kwawo mano onse pamtunda. Sananene kuti alephera. Ulendo wonse anaumaliza. Ndiye ngakhale chimene ndinkachifunacho sindinachipeze, ndinangotsala ndi zimene ndinachita.

Mkazi wanga anabwera Lolemba masana. Atangolowa m'chipinda cha bambo ake ndinamva akukuwa dzina langa. Phazi linali litatupa ngati chigubu, chala chaching'ono chitasanduka chakuda, ndipo fungo la mtsinje uja linali m'nyumba mwathu. Pofika Lachiwiri thupi linali litatentha, akubwebweta za mageti osatseka. Madokotala analimbana nalo masiku angapo. Kenako anadula zala ziwiri. Sizinathandize. Anadulanso, theka la phazi linapita.

Atatsitsimuka, mwana wawo anakhala pambali pa bedi, maso atatupa, n'kufunsa funso limene ndinkaliopa.

"Ababa, zinatheka bwanji? Sitinapangane kuti mukwere masana?"

Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi, nditanyamula fulasiki ya phala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Amuna akowa anandiuza kuti ndikwere. Mawa lake anati nditsale. Panjira anafuna kundiitanira njinga. Wokana ndinali ine."

Mawu onsewo anali oona, palibe limodzi labodza. Mkazi wanga anawakalipira chifukwa cha kuuma mutu, akulira, mpaka namwino anabwera kudzamuletsa. Tili m'galimoto anandipepesa. Anati, "Pepani, bambo anga ndi ovuta, mwavutika nawo." Ndinati palibe kanthu. Amalawi a ku tchalitchi ankandiyamikira kuti mkamwini wotere ndi wosowa, tsiku lililonse kuchipatala, fulasiki m'manja. Ndinkalandira mayamikowo n'kumaweramitsa mutu. Kundida ndinkadzida, koma osafika poti n'kutsegula pakamwa. Apongozi sanabwerezenso nthabwala ya ngalande zojambula. Mpaka tsiku limene anakwera ndege sananditchulenso kuti akamwini, ankangoti bambo, ngati mlendo.

Chaka chotsatira tinapita kumudzi pa tchuthi. Ntchito yogawa madzi inali itapatsidwa kwa munthu wina wofatsa, amene aliyense ankamupondereza. Minda yakumunsi inali itang'ambika ndi dzuwa, mpunga utafiira usanabereke. Apongozi ankakhala pakhonde, phazi lodulidwalo atalikulunga m'sokosi yopinda, akuyang'ana kumene kunali ngalande. Alimi akumunsi ankabwera kudzadandaula, iwo n'kumangoti pitani kwa mwini ntchito.

Tsiku lobwerera, mkazi wanga anatsogola ndi katundu pa njinga. Ine ndinatsazika, koma mkulu uja anatenga ndodo yake n'kunena kuti andiperekeza mpaka pa msewu. Apongozi aakazi anawaletsa, iwo sanamve. Njira yachidule imadutsa pamwamba pa chiunda cha ngalande yaikulu, kanjira kopapatiza koti anthu awiri sangayende mogundana mapewa. Anatsogola, akutsimphina, ndodo ikuyamba, phazi labwino, kenako linalo. Ine kumbuyo, mapazi asanu, monga mwa mwambo. Mbali zonse ziwiri anthu anali m'minda, akupalira.

Sitinayende mtunda wautali ndisanaone mapewa akugwa. Ulendo uno ndinanena mawu aja.

"Bambo, ine ndatopa. Tikhaleko pang'ono."

Anaima. Sanacheuke. Madzi ankadutsa m'ngalande pansi pathu, ochepa, odzaza udzu.

"Mwatopa lero?"

Anasuntha pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwenimweni mwa kanjirako, natsamira ndodo, n'kusiya mpata.

"Tsogolani."

"Ayi bambo, sizingatheke. Anthu akuona."

"Aone. Tsogolani, ndati. Kumbuyo kwanga sindikukufunaninso."

Ndinadutsa. Amayi amene ankapalira anaweramuka mmodzimmodzi, makasu m'manja, kuonerera mkamwini wa ku Nairobi, wa nsapato zonyezimira, akuyenda patsogolo pa apongozi ake olumala. Wina anaitana mnzake wa munda wa patsidya kuti naye aone. Ndikachepetsa liwiro kuti andipeze, ndodo ija inkaima, n'kudikira mpaka nditayambanso. Msewu unali ukadali kutali, ndipo njira yonseyo panalibe mtengo ngakhale umodzi.